Hatchi Yodya Katupe

Mutu 5

1. Mwera aluma mwana

Ku Benga konse hatchi inalipo imodzi yokha, dzina lake Mwera. Anthu ambiri kumeneko nyama yotere anayambira kuionera pa iyeyo, ndipo ena mpaka lero amangoti bulu wamkulu uja.

Mwera anafika pakhomo pa a Hamza ali kamwana ka miyendo yonjenjemera. A Hamza ankasamala mahatchi pamalo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja, ndipo malowo atatsekedwa mwini wake anawasiyira kamwanako. Tsiku lonyamuka kupita ku Joni kukasaka ntchito, a Hamza anaitana mwana wawo wamkazi, Shamsa, amene anali Fomu 2.

"Uyu sayankhula," anatero akusisita hatchiyo. "Chikamamuwawa, womunenera ndiwe."

Shamsa ntchitoyo anaigwira ndi mtima wonse. Ankamumwetera udzu asanapite kusukulu, kumuchotsa nkhupakupa, kumupesa ndi chitsononkho. Naye Mwera anasankha munthu wake. Amuna a ndevu zawo akamuyandikira ankapinda makutu n'kuwaonetsa mano, koma Shamsa akangofika ankatsitsa mutu yekha kuti amuveke chingwe.

Koma hatchi yaimuna ikakula, mtima umasintha. Mwera anayamba kudula zingwe ndi kuthamangitsa mbuzi za eni. Tsiku lina m'mawa, Shamsa ali m'kalasi, Mwera anakalowa mu nazale ya mpunga ya a Stefano, oyandikana nawo nyumba. Kamwana ka a Stefano katayesa kumuingitsa ndi kamtengo, Mwera anakaluma paphewa.

Pobwera kusukulu Shamsa anapeza a Stefano ali chilili pabwalo, chikwanje chili kumanja.

"Ndiwe mwini chilombochi?" anakuwa. "Bambo wako anathawira ku Joni n'kutisiyira tsoka, iwe n'kumayenda monyang'wa ngati mwana wa bwana! Undimvetsetse. Chinthu ichi chifulidwe kapena chichoke muno. Apo ayi, ndichidula mitsempha ya m'miyendo ndi chikwanje ichi, mudzachita kuchinyamula pangolo."

Mawu onyoza bambo akewo anamulasa Shamsa mumtima. Kuyambira pamenepo Shamsa anadana nawo koopsa a Stefano.

2. Mawu a mai Talandira

Mayi ake a Shamsa anali ku Dwangwa kogulitsa usipa, choncho wolamula pakhomo anali amalume ake, a Sadick. Sanali munthu woipa mtima ayi, koma phuma! Munthu woti mpunga usanapse iye wasamba kale m'manja.

Shamsa anabwereka foni yawo n'kuimbira mai Talandira, mlangizi wa ziweto wa deralo. Mayiwa ankamudziwa Mwera, ndipo anauza Shamsa kuti akweze foniyo, amalume nawo amve.

"Kumufula n'koyenera, afatsa ndithu," anatero mai Talandira. "Koma tamverani, hatchi si tonde. Poyamba timaibaya jakisoni pakhosi kuti iwodzere. Kenako timabaya wina wochititsa dzanzi pamalo odulapo penipenipo, pakhungu ndi m'kati momwe. Tikatero timadikira, ndiye timatsina kaye kuti tione ngati ikumva. Ikagwedezeka sitidula, timadikirabe. Mitsempha yake ndi ikuluikulu, imafuna chopanira chake kuti magazi asataike. Pambuyo pake pamafunika mankhwala opha ululu ndi oteteza kafumbata, chifukwa hatchi sichedwa kugwidwa ndi kafumbata. Wa dzanzi ndili naye. Wowodzeretsa uja ndi wa kafumbata ndiitanitsa ku Lilongwe, afika sabata yamawa. Chonde mutsekereni, mundidikire. Munthu wina aliyense asamukhudze ndi mpeni."

Foni itaduka, a Sadick anaseka chiseko chopanda chimwemwe.

"Sabata yamawa! A Stefano adikira sabata yamawa? Ng'ombe zonse zikukoka ngolo mumsewu umu zinachita kubayidwa jakisoni? Zachizungu basi. Mawa m'mawa ndiitana a Layson a ku Mwadzama. Amene aja anayamba kufula ng'ombe iwe usanabadwe."

"Koma amalume, zimupweteka."

"Nanga chikwanje cha a Stefano sichipweteka? Iwe ntchito yako ndi imodzi, kumuveka chingwe. Zotsalazo n'za amuna."

Nkhani inagona pamenepo. Popanda Shamsa panalibe munthu woti n'kumugwira Mwera, ndipo iye ankadziwa zimenezo. Akanangokana, mpeni sukanamukhudza Mwera. Koma chikwanje chija chinkamuopsa, ndipo amalume ake anali asanawakanirepo chinthu chibadwire.

3. Nzeru za m'dambo

Shamsa anali mwana wanzeru, ndipo nzeruzo n'zimene zinamupweteketsa. Anakumbukira zimene anaona m'dambo madzi ataphwera. Anyamata anasinja mizu ya katupe n'kuthira m'dziwe, posakhalitsa nsomba zonse zili yandaa pamwamba, zofatsa, zogwirika ndi manja, osaphupha n'komwe. Ngati katupe amagoneka mlamba, nsomba yovuta kufa ija, angalephere kuwodzeretsa hatchi? Mtima wake unakhala m'malo. Anaona ngati wapeza njira yoti amalume akondwe, a Stefano akondwe, Mwera naye asamve kanthu.

Katupe analipo kuseri kwa nyumba ya a Zaidi, nkhalamba yosoka maukonde, imene inkasambitsira mbuzi zake zikagwidwa ndi nkhupakupa. Shamsa anawapeza pansi pa mtengo wa mango, ukonde uli pamiyendo. Anagwada, n'kuwapatsa moni, n'kufotokoza zonse.

A Zaidi analeka kusoka.

"Asitaghafirullah! Mwana iwe, wakuuza zimenezi ndani?"

"Ndaganiza ndekha, agogo. Ndikufuna asamve kuwawa."

"Khala pansi bwinobwino undimvere," anatero a Zaidi. "Ine ndakalambira pamadzi. Nsomba ya katupe iwe ukuti imagona? Siigona, imabanika. Tsiku lina udzaiyang'anitsitse, udzaone m'mene imayasamulira kukamwa. Imafuna kuthawa, koma mphamvu imakhala ilibe. Kukhala chete si kusamva ululu, mwana wanga. Kuchipatala wodwala akasiya kubuula, anamwino amathamanga, sakhala pansi n'kumati wachira. Ife pozinga mbuzi timanolera mpeni kumbali kuti mbuziyo isaone, ndipo timadula kamodzi kuti isazunzike. Chipembedzo chimatero ngakhale pa nyama yoti tidya. Ndiye iwe ukufuna kuifoola nyama yako ndi poizoni, kuti imve mpeni wonse koma ilephere ngakhale kuponya mwendo? Mulungu adzakufunsa za nyama imeneyi. Sadzafunsa amalume ako okha ayi."

"Ndiye nditani, agogo? A Stefano amutema."

"A Stefano ndi kholo, ndipo mwana wawo walumidwa. Mkwiyo wa kholo umazizira ndi kupepesa. Pita ukagwade, ukamuone mwanayo, ukawauze kuti adokotala abwera sabata yamawa. Ukawauzenso kuti kufikira tsikulo Mwera akhala wotsekeredwa m'khola langa ili, mitengo yake ndi yolimba. Mawa amalume ako akati gwira, iwe ukane mwaulemu. Akukalipira, inde, mwina akumana chakudya, koma kukalipa sikunaphepo munthu. Fulumira adadya gaga."

"Ndikagwadire munthu wotukwana bambo anga?"

"Maondo satha n'kugwada," anatero a Zaidi, n'kutolanso singano yawo.

Shamsa anati wamva, koma anavomera ndi pakamwa pokha. Kugwadira a Stefano kunamukulira kuposa china chilichonse. Nthawi ya swala itakwana a Zaidi anatenga ndodo yawo kupita kumzikiti, ndipo Shamsa anatenga khasu la eni akewo n'kuzungulira kuseri. Anakumba mizu yokwanira kupha dziwe lonse.

4. Mpeni wa a Layson

M'mawa mwake Shamsa sanapite kusukulu. Anasinja mizu ija mu mtondo wakale, n'kufinya madzi ake oyera ngati mkaka. Anawasakaniza ndi madeya, n'kuthiramo shuga ndi mchere kuti fungo libisike.

Mwera ananunkhiza beseni, n'kufwenthera, n'kutembenuza mutu. Nyama inadziwa! Koma Shamsa anatapa madeyawo m'manja, n'kumusisita pamphumi.

"Idya, Mwera. N'zokuthandiza."

Mwera anadya, chifukwa dzanja linali la Shamsa. Anadya mpaka beseni linayera.

A Layson anafika panjinga, mpeni ndi zingwe zili pakaliyala, anyamata amphamvu akuwatsatira. Anapeza Mwera akutuluka dovu, thukuta lili chuchuchu, miyendo ikunjenjemera. Shamsa anamuveka chingwe, anyamata anakulunga china m'miyendo, n'kukoka kamodzi kokha. Chinyama chonse chija chinagwa pansi khu!

"Aa! Ine ndimati tilimbana mpaka masana," anatero a Layson. "Mwamupatsa chiyani?"

"Katupe," anayankha Shamsa.

Amuna aja anaseka n'kuwomba m'manja.

"Sukulu ndi yabwino, abale! Dokotala tili naye pakhomo pompano, ife n'kumadikira za ku Lilongwe."

A Sadick anayang'ana uku ndi uku monyadira mwana wanzeru wa mlongo wawoyo. Naye Shamsa, tisabise, anamva kukoma. Anakhala pansi n'kuika mutu wa Mwera pamiyendo pake.

A Layson anayamba kudula.

Mwera sanaponye mwendo. Sanalirenso.

"Mwaona?" anatero a Layson. "Sakumva kanthu uyu. Ali kutulo."

Koma amuna aja ankaona ndi maso okha, pamene Shamsa ankamva ndi manja. Khosi lonse la Mwera linauma gwa ngati mtengo. Mano ankakukutika mpaka Shamsa ankawamva m'ntchafu mwake. Mtsempha wa pakhosi unkagunda ngati uphulika, mpweya ukutuluka wotentha, wodukizadukiza. Diso linatong'oka mpaka koyera kuonekera, ndipo silinayang'ane a Layson kapena anyamata aja. Linkayang'ana Shamsa.

"Akumva!" anakuwa Shamsa. "Siyani, akumva! Amalume, auzeni asiye!"

"Tayamba kale," anatero a Layson osadzutsa mutu. "Bala silisiyidwa pakati. Gwira mutuwo."

Kalanga ine, ntchito inatalika. A Layson anazolowera ng'ombe, ndipo apa manja awo ankasochera. Ankadula, n'kuima, n'kufufuza, n'kudulanso. Shamsa analira mpaka mawu anatha, koma mutu sanausiye, poopa kuti Mwera angaumenyetse pansi. Atamaliza, a Layson anatapa phulusa losakaniza ndi mchere n'kupaka pabala monga amachitira ndi ng'ombe. Pamenepo Mwera anabuula kamodzi, mawu otsika ochokera m'mimba, oti munthu akawamva sangawaiwale.

Magazi sanaleke. Anadutsa phulusa lija n'kuyamba kuyenderera pamchenga. Kuseka kuja kunatha zii.

"Ng'ombe sizitaya magazi chonchi," anatero a Layson akupukuta mpeni pa udzu. Anati akukafuna khungwa lina loletsa magazi, n'kukwera njinga. Sanabwerenso.

Nthawi yomweyo pabwalo panatulukira anthu awiri. Kutsogolo kunali a Zaidi ndi ndodo yawo, kumbuyo a Stefano, manja ali lende, opanda chikwanje. A Zaidi ataona kuti Shamsa sanapite kukapepesa, anali atalawira okha kukagogoda kwa a Stefano.

A Stefano anaima n'kugwira pakamwa.

"Mayo ine! Mwachita chiyani anthu inu? Ine ndimabwera kudzanena kuti tidikira adokotala. Dzulo ndinayankhula ndi mkwiyo chabe, mwana wanga akulira. Iwe Shamsa, ukanangobwera kudzamuona mwanayo, nkhani ikanathera pomwepo."

A Zaidi anatola beseni lija n'kulinunkhiza. Anamuyang'ana Shamsa nthawi yaitali, n'kulibwezera pansi. Shamsa akanakonda akanamumenya ndi ndodo ija.

Amene anatulutsa foni kuimbira mai Talandira anali a Stefano.

5. Womugwira ndani?

Mai Talandira anafika panjinga yamoto dzuwa lili pamutu. Sanapereke moni kwa munthu. Anagwada pambali pa Mwera, n'kuyang'ana bala, n'kupukusa mutu.

"Mangani mitsemphayo msanga, mayi," anachonderera a Sadick. "Magazi akutha."

"Panikizani apa ndi nsalu iyi, mwamphamvu," anatero mai Talandira. "Koma singano yosokera siilowa asanachite dzanzi. Wamva zokwanira."

Anabaya mankhwala kuzungulira bala lonse, n'kukhala pansi kudikira. Shamsa anali akadagwirabe mutu uja, ndipo anamva zonse m'manja mwake. Khosi louma lija linayamba kufewa. Mano analeka kukukutika. Mpweya unayamba kutuluka mwakachetechete, diso n'kubwerera m'malo mwake. Mai Talandira anatsina m'mphepete mwa bala, Mwera osagwedezeka n'komwe.

"Wamva kusiyana kwake?" anamufunsa Shamsa. "Kusamva ululu ndi kumeneku."

Shamsa anangogwedeza mutu, misozi ikugwera pamphumi pa Mwera.

Mai Talandira anatsuka phulusa lonse, n'kumanga mitsempha, magazi n'kuleka. Kenako anafunsa chimene chinamufoola chonchi. A Sadick anayang'ana pansi. Shamsa ananena yekha.

"Katupe. Ndinamudyetsa ndine."

"Katupe!" Mai Talandira anaimirira. "Mwana iwe, ukudziwa kuti hatchi sisanza? Galu akadya choipa amasanza, munthu amasanza, koma hatchi chimene yameza imalimbana nacho mpaka kumapeto. Ukanatha kumupha a Layson asanatulutse n'komwe mpeni. Ndikudziwa kuti unkafuna kumuthandiza. Koma chifundo chosafunsa chimapweteka kuposa nkhanza, chifukwa wankhanza nyama imamuthawa, pamene wachifundo imamudyera m'manja. Ndinakuuza dzulo kuti udikire. Sunasowe wokuuza. Ndipo inu a Sadick, mwana akalakwa chonchi ndiye kuti wamkulu anamukankha. Mumati zachizungu? Dzino likakuwawani mumalola kuti alizule opanda jakisoni?"

A Sadick phuma lonse lija linali litathera m'thumba.

Anyamata aja anamumangira Mwera mthunzi wa masamba a mgwalangwa pomwe anagonapo, ndipo Shamsa anatumidwa kukatunga madzi. Dzuwa litapendeka Mwera anayesa kudzuka, n'kugwa, n'kuyesanso. Kachitatu anaima, akudzandira, mutu uli pansi. A Stefano anapumira m'mwamba. Chingwe chinali chitavuka pa kulimbanako, chili pamchenga.

"Zikuoneka kuti wapulumuka ku poizoni uja," anatero mai Talandira akulongedza zida zawo. "Koma bala ili lalowa dothi ndi phulusa. Afunika jakisoni m'mawa uliwonse, woletsa kuola ndi wopha ululu, ndipo wa kafumbata ndikamubwereka kulikonse kumene ndingamupeze. Afunikanso kumuyendetsa pang'onopang'ono kuti asatupe. Lero ndamubaya chifukwa anali wofooka. Mawa mphamvu zikhala zitabwerera. Womugwira ndani?"

Onse anatembenukira kwa Shamsa.

Shamsa anatula ndowa, n'kupita kwa Mwera monga ankachitira masiku onse, akumuitana dzina motsitsa mawu. Mwera anadzutsa mutu. Atamuona, anapinda makutu mpaka anagona pakhosi. Anabwerera cham'mbuyo n'kukagunda mpanda, mitengo n'kulira, thupi lonse likunjenjemera.

"Mwera, ndine," anatero Shamsa, n'kutambasula dzanja.

Mwera analumpha n'kuluma m'malere, mano n'kuwombana pafupi ndi zala zake. Pabala panayambanso kudontha magazi.

"Bwerera!" anakuwa mai Talandira. "Bwerera, ang'amba bala!"

Shamsa anabwerera. A Stefano, munthu wa chikwanje uja, anadutsa chapafupi kukasendeza ndowa ya madzi, ndipo Mwera anangowapindira khutu limodzi monga ankachitira kale. Amene ankamuopa mpaka kunjenjemera anali mmodzi yekha. Shamsa anamva kuwawa kumene sanakumvepo chibadwire, ndipo panalibe wina woti amuloze chala.

Mai Talandira analiza njinga yawo.

"Ndifika mawa dzuwa lisanatenthe," anatero. "Akapanda kubayidwa, bala ili limutenga. Ndidzamupeze atagwidwa."

Njinga inapita. Amuna aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana kwake. Shamsa anasendera pang'ono. Mwera anabwerera m'mbuyo.